Amuna Anga Atayamba Kukula

Alangizi amene ananditsekera m'chipinda ndisanakwatiwe anandiphunzitsa zambiri, zina zosati n'kunena pagulu, koma pali chimodzi chimene anachibwereza mpaka chinandikhala m'mutu. Mkulu wawo, mayi wa ku Matero wa mawu okalipa, anali ataona kutchalitchi mnyamata amene ankandikwatirayo, ndipo sanakhutire naye.

"Mwana wanga, uja mwamuna ni woyonda maningi," anatero mayiwo. "Akapitiliza so, bantu sibazakamba eve, bazakamba iwe. Mwamuna akanenepa ndiye kuti mkazi aziba nchito yake."

Sananame. Amuna anga nthawi imeneyo anali kondakitala wa minibasi za ku Kanyama, komboni yathu, ndipo lamba aliyense amene ankagula ankachita kumuboola mabowo ena ndi msomali. Mphete ya ukwati tinasankha yaing'ono kuposa zonse za amuna, koma inkavukabe akangotsitsa dzanja. M'mawa wa tsiku la ukwati apongozi anga, amayi awo, anakhala pamkeka n'kuikulunga ulusi wakuda, naudula ndi mano, kuti isakagwe pamaso pa abusa.

Ine ndine munthu wosafuna kugonja, ndiye mawu a alangiziwo ndinawatenga ngati nkhondo. Mafuta ophikira sindinkawaumira. Kapenta ndinkakazinga mpaka kusambira m'chiwaya, mazira m'mawa, zitumbuwa, tiyi wa shuga wodzaza supuni, ndipo mchere ndinkathira ndi dzanja lonse chifukwa amuna anga ankaukonda. Tinabereka ana awiri, iwo anakwera kukhala dalaivala, koma thupi ayi. Ndinanenepa ndine. Kumpopi, kumene timaima pamzere ndi zigubu, amayi anzanga ankandiseka kuti ndimayamba ndadya ndekha m'khichini, mwamuna n'kumupatsa zotsala. Ndinkaseka nawo, koma zinkandiwawa.

Kusintha kunayambira kumapazi. Kanyama mvula ikagwa madzi sachoka msanga, chifukwa pansi pake ndi mwala, ndiye nyumba iliyonse ili ndi majombo. Chaka china mvula itayamba, amuna anga anatulutsa majombo awo kunsi kwa bedi, anakankha phazi, linakana. Tinati mwina mphira wauma ndi dzuwa. Anapita ku salaula, kumsika wa kaunjika, kukagula ena. Chaka chotsatira amenewonso anakana. Nsapato za kutchalitchi nazo zinayamba kuwaluma, mpaka ankazivala ataponda kumbuyo. Kenako manja. Kenako makolala a malaya anasiya kumangika.

Kunena zoona, ndinasangalala. Ndinati ntchito yanga yayamba kuoneka. Kumpopi nyimbo inasintha.

"Ba neba, mubadyesa chani bamuna banu?" anandifunsa mayi wina wa nyumba yoyang'anana nafe, yemwe kale ndi amene ankatsogolera pondinyoza. "Manje baoneka monga ni bene ba basi, osati ba dalaivala. Tipaseniko nzelu."

Ndinayenda ndi chigubu pamutu ngati mulibe madzi. Apongozi anabwera kuchokera ku komboni ya George kumene amakhala, anamuyang'ana mwana wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo ulendo wotsatira anandibweretsera chitenje chatsopano. Mayi amenewa sayamikira munthu wamba. Chitenjecho ndinachivala Lamlungu lililonse mpaka chinasuluka.

Munthu amene umagona naye nyumba imodzi sumuona akusintha. Kukula kwa amuna angaku sikunali kwa mimba ngati kwa madalaivala anzawo. Kunali kwa zala, kwa mphuno, kwa chibwano chimene chinayamba kutsogola. Mano akumunsi anatalikirana, nyama n'kumakodwamo. Mawu anatsika, ana n'kumati adadi akulankhula ngati ali m'mgolo. Zonsezi ndinkaziona chimodzichimodzi, ndipo chilichonse ndinkachipezera chifukwa. Ulusi wa pamphete anali atauchotsa kalekale, kenako mpheteyo inamira m'chala moti ngakhale ndi sopo sinkasuntha. Zimenezinso zinandikomera. Mpando wakutsogolo wa minibasi pamakhala atsikana onunkhira, ndipo ine nsanje ndili nayo, sindibisa. Ndinati bola imeneyo, sangaivule pa siteshoni n'kuiponya m'thumba.

Mutu ndi umene unawapititsa ku kiliniki. Unkawawawa kuseri kwa maso pafupifupi tsiku ndi tsiku, ndipo thukuta linkatuluka ngakhale mwezi wozizira, malaya kuchita kufinya. Anesi anawayeza n'kunena kuti magazi akuthamanga kwambiri, bipi yakwera. Anawapatsa mapiritsi. Ku Kanyama nkhani ya bipi si yodabwitsa, nyumba iliyonse ili ndi wake, ndiye sitinaope. Patapita nthawi anayamba ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi, mpaka kumaimitsa basi panjira okwera akudandaula. Ku kiliniki anati ndi shuga. Anawonjezera mapiritsi ena. Tinali ndi matenda awiri, timapepala tiwiri ta mankhwala, ndipo palibe amene anaganiza kuti gwero lake ndi limodzi.

Mantha anandiyamba Lamlungu lina masana. Amuna anga anagona pampando titachoka kutchalitchi, ine ndikusankha nyemba pafupi. Mkonono wawo unali utakula zaka zimenezo moti aneba ankaudziwa, ndipo ine ndinali nditauzolowera. Tsiku limenelo unangoduka. Ndinakweza maso. Chifuwa chinali chitaima, pakamwa pali yasa. Ndinadikira kuti apume, osapuma. Lichero linagwa, nyemba mbwee pansi, ndinawagwedeza paphewa. Anadzidzimuka ndi phokoso ngati munthu wovuuka m'madzi, nandifunsa chimene ndawadzutsira. Sanakhulupirire. Kuyambira pamenepo ndinasiya kudana ndi mkonono, ndinayamba kuopa ukasiya.

Kenako zinatsatana. Miyendo inayamba kutupa madzulo, ukadina chala pakhale dzenje. Kunyamula chigubu kuchoka pakhomo kufika m'khichini ankachita kuima kaye, akupuma mwawefuwefu, munthu wamkulu ngati ameneyo. Tsiku lina anabwera msanga kuntchito, nkhope itagwa. Anali atakhula ngolo ya munthu wogulitsa makala pafupi ndi msika. Palibe anavulala, koma chimene chinawaopsa n'chakuti ngoloyo sanaione n'komwe.

"Inali pambali panga, pafupi monga apa ulili," anandiuza. "Sininaione. Manje nga anali mwana wa sukulu?"

Ku kiliniki anamvetsera chifuwa chawo nthawi yaitali, kenako anatitumiza kuchipatala chachikulu cha m'tauni.

Tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Dokotala amene anatiitana anali mayi wamng'ono thupi, wovala magalasi. Amuna anga atapereka moni wa dzanja, dzanja la adokotala linasowa lonse m'kati mwa lawo, ndipo adokotalawo sanalibweze msanga. Analitembenuza, anayang'ana zala, anayang'ana mphete, kenako nkhope. Anawauza kuti atulutse lilime. Anafunsa za nsapato, ngati akuvalabe saizi imene ankavala pokwatira. Ine ndinayankha ndisanafunsidwe, ndi kamtima kodzitama, kuti kutalitali, zakale zija tinapatsa mphwawo.

"Bamayo, muli na chithunzi chao chakudala?" anandifunsa adokotala.

Ndinali nacho mufoni, cha pa ukwati, chimene mwana wathu wamkazi anachijambula pa chithunzi cha pakhoma. Adokotala anaika foniyo pafupi ndi tsaya la amuna anga. Ndinayang'ana uku, ndinayang'ana uko. Anali anthu awiri. Chithunzi chimenecho chinali pakhoma pathu zaka zonsezi, ndinkachipukuta fumbi, koma ndinali ndisanachiikepo pafupi ndi mwini wake.

Zoyeza zinatenga masabata. Anawamwetsa madzi otsekemera kwambiri n'kumawatenga magazi kangapo. Anajambula mtima ndi kachipangizo koyendetsa pachifuwa. Pojambula m'mutu anati makinawo safuna chitsulo, ndiponso mpheteyo inali itayamba kupha chala, ndiye anaidula ndi kalumo kakang'ono n'kuikanula. Pamene inali panatsala mzere wakuya, woyera. Ananditambasulira mphete yodukayo pa kathonje, ndinaimanga pansonga ya chitenje.

Zonse zitatuluka, adokotala anatikhazika pansi n'kutifotokozera pang'onopang'ono. Anati m'mutu mwa munthu aliyense, pansi pa ubongo, kuseri kwa mphuno, muli kanthu kakang'ono ngati nsawawa. Kamatulutsa timadzi ta m'thupi totchedwa mahomoni, ndipo imodzi mwa izo ndi imene imakulitsa mwana. Munthu akakula imachepa, n'kumagwira ntchito zina mwakachetechete. Kwa amuna anga, pa kanthu kameneko panamera chotupa, chosakhala khansa, chimene chinkatulutsa homoniyo osaleka. Mafupa a munthu wamkulu satalikanso, ndiye amangonenepa m'mbali. Chotupacho chinkapanikizanso mitsempha ya maso, n'chifukwa chake za m'mbali sankaziona.

"Koma chamene niopa ine si manja," anatero adokotala. "Ni mtima. Iyi homoni ikapaka, ikachuluka mutupi, ikweza bipi, ibweletsa shuga, ikulitsa lilime na pammelo mpaka muntu aleka kupuma akagona. Na mtima weka ukula, nyama yake ilimba, manje siupompa bwino. Vonse ivi vigwela pa mtima umodzi."

Anatembenuza kompyuta kuti tione. Ine sindinamvetse mithunzi imeneyo, ndinangoona chinthu chikutukuka ndi kufota movutikira. Funso limene linali pakhosi panga linatuluka lokha.

"Ba dokota, ni vakudya vamene nenze kubapikila?"

Anati ayi. Anati ngakhale ndikanawapatsa madzi okha, chotupacho chikanamerabe. Ndinapumako. Koma anapitiriza kuti mchere, mafuta ndi shuga tsopano zikusenzetsa katundu mtima umene watopa kale. Chotupa chikhoza kuchotsedwa, ochita opaleshoni amalowera m'mphuno, koma madokotala ogonetsa sangavomere kugonetsa munthu bipi ndi shuga zili pamene zinalipo, mtima ungaime ali patebulo. Tiyambe tazitsitsa. Ndipo kuchedwa kulikonse, mtima ukupitiriza kukula. Chiwongolero anawaletsa tsiku lomwelo.

Ndinabwerera kunyumba n'kutembenuza khichini yanga yonse. Ine amene ndinkathira mchere ndi dzanja ndinayamba kuphika chibwabwa cha madzi ndi tomato basi. Nsomba yowiritsa. Nyemba zopanda mafuta. Tiyi wowawa. Amuna anga ndi munthu wofatsa, sanandikalipire, ankangoyang'ana mbale n'kufunsa ngati ndiwozo zafika kale kapena zikubwera m'mbuyo. Mapiritsi ndinkawaimirira mpaka ameze. Tinkadya za pa kantemba kanga, kagome ka tomato ndi anyezi kamene ndili nako pamsewu, ndipo iwo ankakhala pakhonde tsiku lonse akumvetsera ma minibasi akuimba mahutala patali. Madzi a m'miyendo anaphwa, mimba inabwerera, masaya anagwa. Mafupa okha ndi amene anatsala aakulu, ndiye ankaoneka owonda kuposa mmene analili.

Kumpopi sanachedwe. Ndikafika nkhani inkaduka, ndikachoka inkayambiranso. Mayi wa nyumba yoyang'anana uja, yemwe ankafuna nzeru kwa ine, ndi amene anafalitsa kuti mwamuna atangosiya ntchito ndinasiya kumuphikira, ndipo mphete anavula. Ndinayesa kufotokoza za homoni, anandiyang'ana ngati ndikulankhula chilankhulo china. Mmodzi anati iye sanamvepo munthu akudwala matenda okula. Ndinatunga madzi anga n'kumapita, mano ndikukukuta.

Miseche ya ku Kanyama imakwera basi. Inafika ku George, ndipo apongozi anatulukira ndi poto womangidwa m'chitenje. Munali nkhuku yokazinga yosambira m'mafuta, ndipo m'chikwama munali mabotolo a zakumwa zotsekemera. Ndinagwada, ndinalandira, monga ndinaphunzitsidwira. Ndinayesa kunena mwaulemu kuti kuchipatala analetsa.

"Ba dokota ndiye banamubala?" anandifunsa apongozi. "Muntu odwala afunika kudya. Ona mwamene wasilila mwana wanga."

Kwathu mtengwa satsutsana ndi apongozi, ndipo mwana wamwamuna, ngakhale atamera imvi, sabweza mbale ya amayi ake. Amuna anga anadya. Ndinaima pakhomo la khichini ndikuwaona akunyambita zala, ndipo choipa kwambiri n'chakuti anali osangalala. Apongozi anayamba kubwera sabata iliyonse. Tsiku limene sanabweretse poto ankatulutsa kabotolo ka mchere m'chikwama n'kuwaza m'ndiwo zanga, akundiyang'ana m'maso. Akapita ndinkakalipira amuna anga mpaka mawu kusasa. Iwo ankangoti, "Ni amai banga, nizachita bwanji?" Atawauza okha amayi awo kuti ndi matenda, amayiwo anati mkazi wawauza zonena.

Tsiku limene tinkayembekezera kupatsidwa nthawi ya opaleshoni, anesi anayeza bipi, anachotsa lamba woyezera, anayezanso dzanja lina. Adokotala anati sizitheka, tidikirenso. Anajambulanso mtima n'kunena kuti sunasinthe kupita kwabwino. Anandifunsa ngati mankhwala akumwa, ndinati inde. Anafunsa za chakudya, ndinayang'ana pansi. Tinakwera basi yobwerera kunyumba. Ndinkangoyang'ana mtsempha wa pakhosi pawo ukugunda, ndikuganiza kuti ukaima pano, pakati pa anthu ndi matumba a makala, ndichita chiyani.

Lamlungu lotsatira apongozi anabweranso, poto m'manja. Nthawi ino sindinatambasule manja. Ndinagwada, koma manja ndinawasiya pamaondo. Anaika potoyo patebulo okha, anakhala pansi, nakonza chitenje chawo bwinobwino.

"Namvela vonse," anatero. "Chakudya umumana, mphete wamuvulisa, manje na mbale yanga ukana. Nizaitana balangizi bakutenge, bakakuphunzisenso. Kapena unaibala."

Amene si wa kuno sangadziwe kulemera kwa mawu amenewo. Mkazi wa ana awiri kubwezedwa kwa alangizi, komboni yonse imadziwa, ndipo amayi ako amene anakubala amayenda chozolika. Mtima unandipsa mpaka m'makutu. Zimene zinabwera pakamwa panga zikanathetsa ukwati tsiku lomwelo, ndiye ndinaziluma. Ndinadzuka, ndinalowa kuchipinda, ndinatsegula kachitini kamene ndimasungamo singano, ndinatenga mphete ija. Ndinabwerera, ndinagwadanso, n'kuiika m'dzanja lawo.

"Amai, iyi mphete muiziba," ndinatero. "Ndimwe munaimanga kotoni. Bavalikeni mweka."

Anaiyang'ana nthawi yaitali. Inali ya chitsulo chofewa, ndiye anaipana ndi zala mpaka podukapo panakumana, inabwerera mmene inalili. Anakoka dzanja la mwana wawo mwaukali, ngati akufuna kundionetsa. Pa chala cha mphete sinafike n'komwe pa chikhadabo. Anayesa chala chaching'ono. Inakhala pansonga ngati kachipewa, osapitirira.

Apongozi sanasiye dzanjalo. Anayamba kulidina, mfundo ndi mfundo, mmene amadinira mapeyala pamsika. Anadina mzere woyera uja. Anakweza dzanja lawo n'kugwira chibwano cha mwana wawo, anachitembenuza uku ndi uku, anapapasa pamwamba pa maso pamene fupa linatukuka. Ndinaona nkhope yawo ikusintha pang'onopang'ono.

"Aya si mafuta," anatero chapansipansi. "Ili ni fupa."

Kenako anafunsa, osayang'ana ine, kuti kodi ndi mtima womwe wachita chonchi. Amuna anga anatenga dzanja la amayi awo n'kuliika pachifuwa, chakumanzere kwambiri, pafupi ndi m'khwapa, kumene adokotala anatisonyeza kuti mtima wafika.

"Amai, vakudya vanu nivikonda," anatero. "Koma nikadya, nikagona pansi nimvela monga nimila. Nenze kuopa kumiuzani."

Apongozi anasiya dzanja pamenepo nthawi yaitali, maso ali kukhoma kumene kuli chithunzi cha ukwati. Sanalire, ndipo sanandipepese, mayi amenewa sapepesa. Anangodzuka, anatenga poto wawo, anaitana ana athu kuti akadyere panja ndi anzawo. Pochoka anatulutsa kabotolo ka mchere m'chikwama n'kukasiya pawindo la khichini yanga. Za alangizi sanazitchulenso.

Zinatitengerabe miyezi. Ulendo uliwonse wa kuchipatala, lamba woyezera akamafufuma pamkono pawo ine ndinkasiya kupuma. Bipi inatsika pang'ono, inakweranso, inatsikanso. Shuga anagonja mochedwa. Mpaka tsiku lina adokotala anavula magalasi n'kunena kuti tsopano ogonetsa avomera. Sindinasangalale monga ndinkaganizira. Anatiuza poyera kuti mtima woterewu ukhoza kuvuta ngakhale zonse zitakonzeka, ndipo ine ndi amene ndinakankhira munthuyu kufika pakhomo limenelo.

Tsiku la opaleshoni tinakhala pabenchi limodzi ndi apongozi, m'khonde lonunkha mankhwala. Chitseko chikatseguka tonse tinkadzuka, n'kukhala wina. Dzuwa linachoka pawindo la kum'mawa n'kufika la kumadzulo. Nthawi ina ndinazindikira kuti agwira nsonga ya chitenje changa, ndipo sindikudziwa kuti anaigwira liti. Atawatulutsa amuna anga, mphuno itatsekedwa ndi thonje, nkhope yotupa, ine sindinayang'ane nkhopeyo. Ndinayang'ana nsalu ya pachifuwa ngati ikukwera ndi kutsika. Inkakwera.

M'masabata otsatira thukuta linaleka. Mutu unaleka. Zala zinayamba kupindika bwino, khungu la pankhope linafewa, mkonono unachepa moti poyamba ndinkawagwedeza kuti ndione ngati alipo. Nsapato zimene zinkawathina zinayamba kukhwepa. Adokotala atayeza magazi anati homoni yatsika, maso akuonanso za m'mbali ngakhale osati zonse. Ndinafuna kuvina, koma mayi amene uja salola munthu kusangalala mpaka pamapeto. Anati mafupa sadzabwerera. Mtima ukhoza kupepukako koma osati kukhala wa kale, ndiye mapiritsi a bipi ndi a moyo wonse. Chotupa nthawi zina chimameranso. Ndiponso homoniyo ikachepa kupitirira muyezo, mafuta amaunjikana pamimba ndi m'magazi, mtima n'kuvutikanso. Tizibwera kudzayezetsa mpaka kalekale.

"Manje ikapaka tilila, ikachepa tilila?" ndinafunsa.

"Ndiye chifukwa tiipima," anayankha adokotala, akuitana wotsatira.

Amuna anga sanabwererenso pa chiwongolero. Amathandiza mnzawo wina kugulitsa zipangizo za galimoto pafupi ndi msika, ndipo amadandaula kuti mpando wake suyenda. Mphete tinakaiwotcheretsa kwa owotcherera zitsulo, koma sikwana chala chilichonse. Ili m'kachitini ka singano. Za atsikana onunkhira ndinasiya kuziganiza, ndili ndi zoopa zina.

Kumpopi sanasinthe. Tsiku lina apongozi atabwera kudzacheza anandiperekeza kukatunga madzi, ndipo mayi wa nyumba yoyang'anana uja anaona mpata. Anawapatsa moni wogwada, n'kunena mokweza kuti aliyense amve, kuti pepani amayi, mwana wanu watha, kale ankadzaza chitseko. Ndinatsitsa chigubu, ndinali nditakonzeka kumuyankha zimene ndinasunga chaka chonse. Apongozi ananditsogolera.

"Musiyeni ayonde," anatero, osakweza mawu. "Ine ninamubala oyonda. Uja wamene munali kutamanda enze kufa."

Ndinadzaza chigubu changa, tinabwerera kunyumba.

Alangizi anandiphunzitsa kukondwera mwamuna akamakula, ndipo mwana wanga wamkazi akadzakwatiwa adzamuuzanso zomwezo, ine ndili panja pa chitseko. Sindikudziwa ngati ndidzakhale chete. Chimene ndikudziwa n'chimene ndimachita m'mawa uliwonse. Amuna anga akavala nsapato kuti azipita, ndimawaimitsa pakhomo, ndimagwada, n'kulowetsa chala changa m'nsapato, kumbuyo kwa chidendene chawo, kuti ndione ngati phazi layambanso kukula. Aneba akaona amati ndi ulemu wa mkazi wophunzitsidwa bwino. Iwo amaima phee, akuyang'ana kumsewu, ndipo ndimamva kuti nawonso asiya kupuma. Chala chikalowa, ndimadzuka n'kukatenga zigubu.